Musataye mtengo umene mlangizi wakuuzani kuti mujambule

Achemwali, mwafunsa ngati sikutaya ndalama kulipira mlangizi woti akuthandizeni pa udindo wanu watsopano wa umanijala, iye n'kumakuuzani kuti mujambule mtengo ndi kulemba za moyo wanu ngati mwana wa Sitandade 2. Ine ndikuti musamusiye msanga.

Mtengowo sanaupeke yekha. Njirayi imatchedwa Tree of Life, ndipo anaiyambitsa ndi Ncazelo Ncube, katswiri wa za maganizo wa ku Zimbabwe, pamodzi ndi David Denborough wa ku bungwe la za uphungu la Dulwich Centre, mumzinda wa Adelaide ku Australia. Anayamba ndi ana amasiye a kum'mwera kwa Africa kuno, amene makolo awo anatengedwa ndi Edzi, ataona kuti kuwafunsa za maliro okhaokha kumangowaliza. Mizu ndi kumene munachokera, nthaka ndi zomwe mumachita tsiku ndi tsiku, thunthu ndi luso lanu, nthambi ndi zomwe mukuyembekezera, masamba ndi anthu ofunika kwa inu, amoyo ndi omwalira omwe, zipatso ndi mphatso zomwe ena anakupatsani.

Inenso ndinaujambula nditangokwezedwa pantchito, ndipo ndinajambula monyinyirika. Thunthu langa linali lowonda ngati bango, ndinalembapo mawu amodzi basi: kulimbikira. Pa mizu ndinaikapo agogo anga aakazi, koma chifukwa choti anandilera. Mlangizi anangondifunsa kuti agogowo ankatani anthu akayambana pamudzi. Ndinakhala chete kwa nthawi ndithu. Iwo ankamvetsera aliyense payekha asanawakhazike pamodzi, pamene ine ndinkakalipira anzanga pagulu, poganiza kuti ndiko kukhala bwana. Patatha miyezi 6 ndinajambulanso, ndipo pa thunthu panali "kudzudzula munthu osamuchititsa manyazi". Mukanandifunsa pakamwa ngati ndasintha, ndikanakana. Ndinakhulupirira nditaika mapepala awiriwo pafupi.

Kulembako nakonso kuli ndi maziko. Mu 1986, James Pennebaker, katswiri wa za maganizo wa ku America, anauza ophunzira a ku yunivesite kuti alembe zomwe zinawapweteka mumtima, mphindi 15 patsiku kwa masiku 4, ndipo m'miyezi yotsatira iwowa ankapita kuchipatala mocheperapo poyerekeza ndi anzawo amene analemba za zinthu wamba. N'chimodzimodzi mlangizi akakupatsani ndakatulo kapena nthano kuti muwerenge. Munthu amayankhula momasuka za Kalulu kusiyana ndi za iye mwini, ndipo amene mukumuikira kumbuyo m'nthanomo amaulula zambiri za inu.

Koma samalani apa, chifukwa ndi pomwe ena amalakwitsa. Mukamaliza kujambula, mlangizi akufunseni chomwe mukachite Lolemba ku ofesi chifukwa cha zomwe mwaonazo. Akangoyamikira kuti mtengo ndi wokongola, mufunseni nokha funsolo. Ndipo kulembako kukatukula zilonda zakale, monga imfa kapena nkhanza, imeneyo ndi ntchito ya katswiri wa uphungu wa za maganizo, osati mlangizi wa za ntchito, ndipo mlangizi wabwino adzakuuzani yekha.

Lembani deti kuseri kwa pepalalo, mulisunge bwino, mudzajambule lina miyezi 6 ikatha musanayang'ane loyambalo.