Mafogi achikasu kapena oyera? Yankho kwa dalaivala wa msewu wa Namwera

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amayendetsa Sienta pakati pa Mangochi boma ndi Chiponde. Akuti galimoto yawo inabwera kuchokera ku Japan yopanda mafogi (magetsi ang'onoang'ono a pabampala othandiza m'chifunga), pabampala pali timapulasitiki takuda totseka malo ake. Akamakwera mapiri a ku Chowe m'mamawa nyengo yozizira, kapena mvula ikakhuthuka usiku, msewu sauona bwino. Wogulitsa wina wawauza kuti achikasu amaboola chifunga, wina akuti agule chigetsi chachitali cha LED chija ena amamanga pabampala. Akufunsa kuti agule ati, komanso ngati angamawasiye oyaka usiku wonse poti magetsi akuluakulu anafooka.

Achimwene, ndiyambe ndi mawu okhumudwitsa: palibe getsi loboola chifunga, kaya lachikasu, kaya loyera, kaya lodula chotani. Chifunga ndi timadontho ta madzi toyandama mumpweya. Kuwala kukamenya timadonthoti kumamwazika, ndipo kwina kumabwerera komwe kwachokera, m'maso mwanu. N'chifukwa chake mukayatsa fulu pa Chowe mumangoona zoyera zokhazokha kutsogolo kwa boneti. Fulu amaponya kuwala kutali ndi m'mwamba, ndendende pamene maso anu akuyang'ana, ndiye mukawonjezera mphamvu mukungodzithobwa nokha.

Mafogi salimbana ndi chifunga, amachizemba. Amakhala m'munsi, kutali ndi mzere wa maso a dalaivala, ndipo galasi lake ndi mbale yonyezimira ya m'kati anazipanga kuti kuwala kutuluke kophwatalala: kotambalala kumanzere ndi kumanja, koma kodulidwa mowongoka pamwamba. Kuwalako kumagwera pa tala pafupi ndi galimoto, n'kukuonetsani m'mphepete mwa msewu, ngalande, mbuzi yogona pa tala, wakabaza amene njinga yake ilibe n'chonyezimira chomwe. Malamulo a magalimoto a ku Ulaya amanena kuti fogi isatsike kupitirira masentimita 25 kuchokera pansi, ndipo isakwere kuposa magetsi a dimu. Ikakwera, ntchito yake yatha.

Tsono apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Getsi loonetsa pafupi ndi la munthu woyenda pang'onopang'ono. Galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, pa sekondi imodzi yadutsa mamita 22. Kuti muone chinthu, muganize, phazi lichoke pafaya lifike pabuleki, sekondi ija yatha kale, ndipo malo onse amene mafogi amaunika mwawadutsa musanayambe n'kuima komwe. Pa 40 mumadutsa mamita 11 okha pa sekondi. Apo ndiye mafogi amathandiza. Wina akakuuzani kuti mukawamanga muzitsika ku Chowe pa liwiro lanu la masana, akukufunirani maliro.

Za chikasu zili ndi mbiri yake. Ku France lamulo linkakakamiza magalimoto kukhala ndi magetsi achikasu kuyambira 1937 mpaka 1993, ndipo maganizo oti chikasu chimadutsa m'chifunga anafala kwambiri. Zoona zake n'zakuti timadontho ta chifunga timamwaza mitundu yonse ya kuwala pafupifupi mofanana. Ubwino wa chikasu uli kwina: anachotsamo kuwala kwabuluu, komwe ndi kumene kumathobwa ndi kutopetsa maso kukabwerera. Pabokosi la babu mudzaona nambala yothera ndi K. Imeneyi si mphamvu, ndi mtundu wa kuwala. Cha m'ma 3000K ndi chikasu, babu wamba wa halogen ali cha m'ma 3200K, pamene 6000K kupita m'mwamba ndi oyera mopita kubuluu aja anyamata amawakonda. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga achikasu kapena halogen wamba. Abuluuwo ndi okongola galimoto ikaima pa depoti, koma pa tala wonyowa ndi mavuto.

Chigetsi chachitali cha LED chisiyeni. Chilibe mzere wodula kuwala pamwamba, chimangomwaza paliponse, choncho m'chifunga chimachita zomwe fulu amachita, moposera. Anachipangira kutchire komwe simukumana ndi munthu. Pa M3 kapena msewu wa ku Monkey Bay, komwe njinga ndi anthu oyenda pansi amadzaza m'mbali, kuthobwa wa minibasi amene akubwera kutsogolo ndi kumukankhira kwa anthu, apo ayi kwa inu nomwe.

Pogula, funani mafogi opangidwira bampala ya galimoto yanu, ngakhale akale ochotsedwa pa inzake yophwasulidwa, bola galasi lisakhale long'aluka kapena lolowa madzi. Yang'anani zolembedwa pagalasi. Chilembo E chokhala m'kabwalo pamodzi ndi B kapena F3 chimasonyeza kuti getsilo linayesedwa ngati fogi yakutsogolo. Lopanda chilichonse, muliyatse kaye pakhoma musanapereke ndalama. Ngati kuwala kwake ndi kozungulira kopanda mzere pamwamba, imeneyo ndi tochi. Mababu a mafogi ali mitundumitundu: H11 ndi wa mawati 55, HB4 wa 51, H8 wa 35, H16 wa 19. Ikani amene getsilo linapangidwira. Mukakakamiza wa 100 m'chikombole cha pulasitiki chimasungunuka. Galasi la babu wa halogen musaligwire ndi zala, mafuta a m'manja amalipsereza msanga. Ndipo babu wa LED woikidwa m'getsi la halogen nthawi zambiri amaononga mzere uja, chifukwa kuwala sikukuchokeranso pamalo pamene mbale ikuyembekezera.

Kwa wamawaya musachokeko mpaka mwaona zinthu ziwiri: rilei (kachipangizo kotenga moto wa mafogi kuchokera ku batire mukayatsa swichi) ndi fyuzi. Mababu awiri a mawati 55 amakoka ma amp pafupifupi 9, ndipo fyuzi ya 15 pafupi ndi batire imakwanira. Zongopotera waya pa waya wa dimu n'kukulunga tepi zija ndi zomwe zimayambitsa fungo la pulasitiki wopsa m'dashibodi. Aone kaye kuseri kwa bampala, poti magalimoto ena a ku Japan amabwera mawaya ali kale, osalumikiza chabe. Mafogi akhale ndi swichi yawoyawo, kuti muzitha kuwazimitsa dimu akuyakabe.

Akamanga, kuwongola ndiye kofunika kuposa mtundu wa babu, ndipo amakaniko ambiri sakuchita. Madzulo imikani galimoto pamalo osalala, mamita 7 kapena 8 kuchokera pakhoma. Yezani kutalika kuchokera pansi kufika pakati pa fogi, mulembe mzere ndi khala pakhomapo pa msinkhu womwewo. Mzere wapamwamba wa kuwala ukhale pafupifupi masentimita 10 m'munsi mwa wa khala uja. Muyeze galimoto ili ndi katundu wake wa masiku onse. Sienta ikadzaza anthu, kumbuyo matumba a usipa, imakhala pansi ndi matako mphuno n'kuyang'ana kumwamba, ndipo magetsi onse amakwera nayo.

Funso lachiwiri, loyatsa usiku wonse: ayi. Malo apafupi akawala kwambiri maso amazolowera kuwalako, ndipo zakutali zimadera. Mumamva ngati mukuona bwino pamene ngolo yopanda nyali ili mamita 60 kutsogolo simunaione. Ndikuganiza kuti vuto lanu lenileni lili pa magetsi akuluakuluwo. Dzuwa la kunyanja kuno limaphika pulasitiki ya magetsi mpaka kuchita chikasu n'kukhala ya mbuu, ndipo kuwala kochuluka kumathera momwemo. Kupukuta ndi sandipepa wosalala wonyowetsa kenako n'kupaka vanishi yoteteza kumabweza kwambiri, pamtengo wochepa kuposa mafogi. Mababu akale amafookanso asanapse. Onaninso kagudumu kakang'ono kamanambala oyambira 0 kamene magalimoto ambiri a ku Japan ali nako pafupi ndi chiwongolero. Kamatsitsa magetsi galimoto ikalemera kumbuyo. Wina akakasiya pa nambala yaikulu, dimu amangounika patsogolo pa bampala ngakhale galimoto ilibe kanthu. Galasi lakutsogolo mulitsuke m'kati momwe, mawaipa otha muwasinthe.

Pali fogi ina imene simunafunse, yakumbuyo. Ndi yofiira, babu wake wa mawati 21 ngati wa buleki, pamene getsi wamba lakumbuyo ndi la 5. Magalimoto ochokera ku UK amakhala nayo, a ku Japan ambiri alibe. Padashibodi chizindikiro cha yakutsogolo ndi chobiriwira, cha yakumbuyo ndi cha olenji. Ku UK malamulo a pamsewu amati mafogi ayake pokhapokha ngati simukuona kupitirira mamita 100, kutalika kwa bwalo la mpira, ndipo kukayera muzimitse. Muyeso umenewu ndi wabwino kuubwereka, kaya ndi chifunga cha ku Namwera, chiperoni cha ku Blantyre mu June ndi July, mkuntho wa mu January, kapena utsi wa moto wolusa ndi fumbi la mu September ndi October. Yakumbuyo ikamayaka kunja kuli bwino, wokutsatirani sasiyanitsa pamene mwaponda buleki.

Chizolowezi choyenda mutayatsa ma hazard chili ndi vuto lofanana: mukafuna kukhota, ma indiketa alibenso choti anene, ndipo wakumbuyo amayesa mwaima. Asungireni nthawi imene mwaimadi. Chifunga chikakula moti m'mphepete mwa msewu simukuonanso, musaime pa tala, makamaka pamakona a ku Chowe. Pitani pang'onopang'ono mpaka mutapeza pamene matayala onse anayi angatuluke mumsewu, muyatse ma hazard, okwera adandaule mmene angadandaulire, mudikire kuti kuyere.