Chifukwa chake buledi wa ufa wa teff safufuma

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti madokotala anapeza mwana wawo ndi matenda a celiac, amene amachititsa kuti gluten azivulaza matumbo, ndipo anawalangiza kuti asamamudyetse chilichonse chokhala ndi gluten. Iwo anagula ufa wa teff, mbewu ya njere zing'onozing'ono yolimidwa kwambiri ku Ethiopia, n'kuuika m'malo mwa ufa wa tirigu pa muyezo womwewo, koma buledi anatuluka mu uvuni ali gwaa ngati njerwa, ndipo pomudula ankangonyenyeka. Akufunsa kuti analakwitsa pati.

Amayi, yisiti wanu analibe vuto, ndipo manja anu sanalakwe. Gluten ndi puloteni wopezeka mu tirigu, balere ndi rye, ndipo ndi amene amachititsa kuti ufa wokanda uzitanuka n'kutsekera mpweya umene yisiti amatulutsa. Teff alibe puloteni ameneyu, choncho mpweyawo umangothawa, ndipo ngakhale mutakanda mpaka mikono kuwawa palibe chimene chingalukane m'katimo.

Anthu a ku Ethiopia ndi ku Eritrea, amene akhala akulima mbewuyi kwa zaka masauzande, saikakamiza kuti ifufume ngati tirigu. Popanga injera, buledi wawo wopyapyala ndi wowawasa, amasakaniza ufa ndi madzi mpaka zikhale zamadzimadzi, amathiramo ersho, omwe ndi madzi osasa otsala pa ufa umene anaviika ulendo wapita, n'kusiya masiku 2 kapena 3. Ambiri amatapako pang'ono n'kuphika kaphala kotchedwa absit, kamene akakabwezeramo kamathandiza kugwira thovu. Kenako amatsanulira mopyapyala pa mitad, chiwaya chachikulu chozungulira, n'kuvundikira, ndipo satembenuza. Timabowo timene timatuluka pamwamba, timene iwo amati maso, ndi njira zimene mpweya uja wadutsamo. Apa mukuona kuti teff amafuna madzi ambiri, nthawi, ndiponso kuti asaunjikidwe.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti muyambe ndi zinthu zimene sizidalira kufufuma kwambiri, monga mapanikeke, mabisiketi ndi keke ya nthochi, mmene mazira ndi nthochi zimamanga ufawo. Teff woyera ndi wofatsa pa lilime, ndipo ku Ethiopia woyera kwambiri, wotchedwa magna, ndiye wokwera mtengo. Komabe ine mu keke ya chokoleti ndimasankha wofiirira, chifukwa kakomedwe kake kamayandikira ka mtedza wokazinga ndi koko.

Ngati mtima uli pa buledi ndithu, teff akhale pafupifupi theka la ufa wonse, ndipo theka linalo likhale ufa wa mpunga ndi wa tapioca, womwe ndi sitachi wa chinangwa. Pa magalamu 500 a ufa wosakanizawo, viikani magalamu pafupifupi 20 a makoko a njere za chomera chotchedwa psyllium m'madzi ofunda mpaka achite nanda, chifukwa ndi amene agwire ntchito imene gluten akanagwira. Musaope ufa wokandawo ukakhala wofewa ndi womata kuposa umene munazolowera. Buledi akapsa, mudikire kuti azizire kotheratu musanamudule, apo ayi m'kati mukhala motepetera.

Njere zosagaya n'zosavuta: kapu imodzi ya teff mu makapu 3 a madzi, pa moto wochepa kwa mphindi 15 mpaka 20, imapereka phala labwino. Njerezi n'zazing'ono kwambiri, pafupifupi milimita imodzi, moti zimagayidwa ndi madeya omwe. Zimenezi zimasunga ayironi ndi kashiamu, koma zimachititsanso kuti ufa usachedwe kuyamba fungo, choncho muziusunga wotseka bwino m'firiji.

Popeza mwanayo ali ndi celiac, werengani pa phukusi ngati alembapo kuti ufawo ulibe gluten, chifukwa teff wogayidwa pa chigayo chimene chimagayanso tirigu amatenga fumbi lake, ndipo sefa imene munasefera tirigu imachita chimodzimodzi. Malo odyera ambiri a kunja kwa Ethiopia amasakaniza ufa wa tirigu kapena wa balere mu injera, choncho muzifunsa kaye musanamuitanitsire.