Ntchentche ndi chisoso nazonso ndi mboni

Achimwene, mwafunsa kuti apolisi anadziwa bwanji kuti munthu amene anapezeka kudambo kwanu ku Chamama uja anali atagona pamenepo masiku angapo, chikhalirecho panalibe anaona. Si za maula ayi. Mboni yoyamba kufika pa mtembo ndi ntchentche.

Zobiriwira zija, zotisowetsa mtendere pamsika wa nsomba, fungo zimalimva ola lisanathe. Zimaikira mazira m'maso, m'mphuno, m'kamwa ndi pabala. Kukamatentha ngati kuno ku Kasungu mu Okutobala, mazirawo amaswa pa tsiku limodzi, mphutsi n'kuyamba kudya, kufundula kawiri, kenako kukwawira m'dothi. Odziwa ntchitoyi amatola zikuluzikulu, n'kuwerengera msinkhu wake molingana ndi mmene kunkatenthera. Mu Juni zimakula mochedwa, n'chifukwa chake amatchula masiku, osati ola lenileni.

Nzeruzi si zalero. Woweruza wa ku China, Song Ci, analemba mu 1247 za munthu wophedwa ndi zenga. Anthu a m'mudzimo anauzidwa kuyala mazenga awo padzuwa. Ntchentche zinaunjikana pa limodzi lokha, lopukutidwa bwinobwino, mwini wake n'kuvomera.

Nayo nthaka imayankhula. Munthu akumenyetsa nkhwangwa pamwala kuti kudambo sanapondeko, koma m'matayala a njinga yake muli makande akuda pomwe kwawo n'kwa katondo, kumiyendo ya thalauza chisoso chili mbwee. Pazokha sizingamangitse munthu, chisoso chili ponseponse, koma bodza zimaligwedeza. Chomwe chimaloza munthu mmodzi ndi DNA, chizindikiro cha m'thupi chimene chimasiyanitsa munthu ndi mnzake. Njira yozindikirira munthu ndi DNA anaitulukira Alec Jeffreys ku Leicester, ku England, mu 1984. DNA imapezeka m'magazi, m'malovu, ngakhale m'kakhungu kotsalira m'zikhadabo za malemu ngati anakanda womuphayo.

Chondiwawa ine ndi ifeyo. Mfuu ikangomveka, mudzi wonse thi pamalopo. Mapazi a wakupha tawafufuta ndi athu, wina watola chikwanje n'kumapatsira anzake, wina ali kalikiliki kujambula za pa WhatsApp. Amayi mwachifundo athamangitsa ntchentche, apukuta nkhope, afunditsa chitenje. Ulemu ndi wabwino, sindikukana, koma wapolisi pofika amapeza pali mbee.

Zikadzachitikanso, a mfumu ndi a community policing azungulize chingwe patalipatali, anthu aime kunja kwake. Ndipo chovala cha magazi musachikulunge m'jumbo, chimachita nkhungu DNA n'kuwonongeka. Chisiyeni pomwe chili mpaka apolisi afike.