Ukwati wa ku Johannesburg sudzazindikiridwa ku Malawi

Achimwene, ukwati wa amuna okhaokha umene mukufuna kumanga ku Johannesburg udzakhala wovomerezeka kumeneko, koma boma la Malawi silidzauzindikira. Khoti la Constitutional Court, loona za malamulo aakulu a dziko la South Africa, linagamula mu Disembala 2005, pa mlandu wa Fourie, kuti kuletsa maukwati otere ndi tsankho, ndipo mu 2006 aphungu anakhazikitsa lamulo la Civil Union Act, lovomereza maukwatiwa. Kwathu, lamulo la maukwati la 2015 limangovomereza mwamuna ndi mkazi, ndipo mu Juni 2024 khoti linakana kuthetsa malamulo olanga amuna ogonana okhaokha.

Ndinaonapo mnzanga akulandidwa nyumba ndi achibale a wokondedwa wake maliro atangotha, chikalata cha ukwati chili m'manja, ndipo zinandiwawa kwambiri. Musanabwerere kumudzi, chonde kaonaneni ndi loya kuti akuthandizeni pa za wilu, katundu ndi chitetezo chanu.