Peters ameneyu ndani, woti dzina lake lili pambali pa fuko?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi a sayansi pa sekondale ina. Akuti pokonzekera phunziro anapeza fuko, kanyama kokhala pansi pa nthaka kaja, atamulemba kuti Heliophobius argenteocinereus Peters, 1846, ndiye ana anawapanikiza ndi mafunso: Peters ndani, ankagwira ntchito yanji, nanga angatulukire bwanji kanyama komwe makolo athu akhala akukumba m'minda kuyambira kalekale?

Aphunzitsi, anawo musawakalipire, afunsa zenizeni. Dzina ndi chaka zomwe zimatsatira dzina lasayansi zimangonena za munthu amene anayamba kufotokoza nyamayo m'mabuku a sayansi, ndi chaka chimene anatero. Sizikunena kuti iye ndiye anayamba kuiona.

Wilhelm Peters anali Mjeremani, anabadwa mu 1815 ku Koldenbüttel, kumpoto kwa dziko lomwe lero ndi Germany. Anaphunzira udokotala ndi zachilengedwe ku Copenhagen ndi ku Berlin, nakhala wothandizira wa Johannes Müller, katswiri wa kapangidwe ka thupi. Müller yemweyo, pamodzi ndi Alexander von Humboldt, katswiri wotchuka wa zachilengedwe, ndi amene anamuthandiza kuti ulendo wake wa ku Africa utheke. Ananyamuka mu 1842, anafika ku Mozambique mu 1843, ndipo anabwerera kwawo mu 1848. Pakati apo anakwera mtsinje wa Zambezi mpaka ku Tete, zaka zoposa khumi David Livingstone asanapondeko.

Ku Tete ndi komwe nkhaniyi ikutikhudza ife. Tinyama tingapo tomwe anatipatsa mayina mu 1846 tinachokera komweko, ndipo mnyamata aliyense wodziwa kutsata una ndi khasu m'nyengo yokolola angatizindikire: fuko uja, kapeta wonona uja yemwe amamutcha Steatomys pratensis, ndi mbewa yosunga chakudya m'masaya, Saccostomus campestris. Ine sindikhulupirira kuti mlendo wongofika kumene akanadziwa yekha pokumba, nyengo yake, kapena kusiyanitsa una wa mbewa ndi wa njoka. Nzeru imeneyo inali ya eni dera, koma malamulo otchulira nyama amakumbukira wolemba yekha. Anawo auzeni zimenezi mosabisa.

Komabe tisamulande zake. Mlenje amadziwa mbewa za kwawo. Ntchito ya Peters inali kudziwa ngati mbewa ya ku Tete ndi yofanana ndi ya ku Cape kapena ya ku Egypt. Izi sizitheka kutchire. Zimatheka patebulo, m'chipinda chodzaza makabati. Munthu amatenga chigaza chochepa ngati nsonga ya chala, n'kuwerenga mano, n'kuyeza utali wa mchira ndi phazi lakumbuyo, kenaka n'kufananiza ndi zigaza zina zomwe anzake anasonkhanitsa kumayiko ena. Chikopa chimaumitsidwa, zina zimamizidwa m'mabotolo a sipiriti, ndipo chilichonse chimamangiriridwa kapepala konena malo ndi tsiku. Kanyama kamene wafotokozera mtundu watsopano kamasungidwa mwapadera, kuti wotsutsa, ngakhale patapita zaka 100, adzatsegule kabati n'kudziyezera yekha. Kapepala kaja kakasowa, chikopacho chasanduka chikopa wamba.

Ndiye onani kusiyana kwake: ulendo unatenga zaka zisanu ndi chimodzi, koma kulongosola katundu yemwe anabwera naye kunadya pafupifupi moyo wake wonse wotsala. Buku lake la ulendowu, Naturwissenschaftliche Reise nach Mossambique, linkatuluka m'zigawo. Chigawo cha nyama zoyamwitsa chinatuluka mu 1852, pomwe cha zokwawa ndi achule chinadzatuluka mu 1882, kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire. Martin Lichtenstein, mkulu wa myuziyamu ya zinyama ya pa yunivesite ya Berlin, atamwalira mu 1857, Peters ndiye analowa m'malo mwake, ndipo anagwira udindowo mpaka 1883. Zosungidwa zinachuluka kwambiri m'manja mwake. Analemba zochuluka za mileme, ndiponso sanadzitsekere pa nyama zoyamwitsa zokha: kansomba kotchedwa guppy, komwe ena amaweta m'magalasi ndipo m'madera ena amakaponya m'madzi kuti kazidya mphutsi za udzudzu, anakatcha dzina ndi iyeyu mu 1859. Nyumba yaikulu ya myuziyamu ya zachilengedwe, Museum für Naturkunde, yomwe anthu amakaona lero ku Berlin sanaione. Inatsegulidwa mu 1889.

Pali kena kamene ndikufuna mukawauzenso ana anu, poti sayansi ndi chilankhulo zimakumana pamenepa. Peters ankalembanso mawu a zinenero za anthu omwe ankakumana nawo. Zolemba zimenezo anazisanja katswiri wa zinenero Wilhelm Bleek n'kuzisindikiza ku London mu 1856 m'buku lotchedwa The Languages of Mosambique, ndipo pa mndandanda wa zinenero zake pali cha ku Tete, cha ku Sena ndi cha Amaravi.

Ngati mukufuna kuti anawo alaweko ntchitoyi, musawatume kukapha nyama. Pansi pa mtengo kapena m'denga momwe mumagona kadzidzi mumapezeka timibulu taubweya tomwe amalavula. Kutinyowetsa n'kutiphwanya ndi kamtengo, mupezamo zigaza zathunthu za mbewa. Avale magulovu, atsuke zigazazo, afananize mano, ndipo chilichonse achilembere malo, tsiku ndi dzina la wotola.