Impso yopatsidwa ikayamba kufooka patapita zaka

Achemwali a ku Luchenza, mwafunsa kuti zatheka bwanji kuti impso imene achimwene anu anawaika ku India yayamba kufooka patadutsa zaka zinayi, chonsecho anawapatsa ndi mng'ono wawo wa bere limodzi. Pepani kwambiri, nkhaniyi ndi yolemera pabanja.

Asilikali a m'thupi aja timawamva pa nkhani ya CD4, kawirikawiri ndi omwewo amachita zimenezi. Maselo athu ali ndi zizindikiro zotchedwa HLA, ndipo asilikaliwa amaziyang'ana kuti adziwe kuti uyu ndi wathu, uyu ndi mlendo. Ngakhale pakati pa ana a mayi ndi bambo mmodzi, mwayi woti zizindikirozi zifanane zonse ndi umodzi pa inayi. N'chifukwa chake impso yopatsidwa yoyamba kukhalitsa, imene Dr Joseph Murray anaika ku Boston mu 1954, inali ya mapasa ofanana ndendende.

Thupi likamakana impso patapita zaka, kukanako kumabwera mwakachetechete. Asilikali otchedwa maselo a T akazindikira mlendoyo amadzutsa anzawo otchedwa maselo a B, awa n'kuyamba kupanga ma antibody, omwe ndi zida za asilikaliwa, olimbana ndi impsoyo. Ma antibody amakamatira m'kati mwa timitsempha ta magazi ta mu impso, kenako asilikali ena otchedwa ma macrophage ndi ma NK amabwera kudzavulaza pomwepo. Bala likamapola, lina layamba. Khoma la mtsempha limakhuthala, njira ya magazi n'kumachepa, ngati paipi ya madzi ochokera m'phiri la Mulanje ikamadzaza matope, mpope n'kumangodontheza. Mnofu wa impso umasanduka zipsera, ndipo chipsera sichisefa magazi. Mwiniwake samva kupweteka. Amene amaona ndi a ku labu: creatinine (zinyalala za m'magazi zimene impso imachotsa) akukwera, mkodzo muli puloteni, BP yavuta.

Mankhwala amene amamwa anthu opatsidwa impso, monga tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone, amangogonetsa asilikaliwa, sawaiwalitsa. Apa mpamene mtima umandipweteka, chifukwa mankhwalawa ndi odula, ndipo ena amadumphitsa masiku kapena kudula piritsi pakati kuti afike kumapeto kwa mwezi. Mpata umenewo ndi umene maselo a B amadzukira. Chonde achimwene asatero, ngakhale akumva bwino. Ndalama zikavuta, abale sonkhani, ndipo adokotala auzidwe msanga.

Komanso creatinine akakwera sikuti nthawi zonse ndi kukana. Tacrolimus akachuluka m'magazi amavulazanso impso, shuga ndi BP chimodzimodzi. Chodula mlandu ndi biopsy, kutengako kachidutswa ka impso ndi singano n'kukaunika.

Achimwene asamwe ibuprofen kapena diclofenac wa pagolosale, zitsamba ayi. Akapezeka ndi TB anene kuti ali ndi impso yopatsidwa, poti mankhwala a TB otchedwa rifampicin amatsitsa tacrolimus m'magazi. Akatsekula m'mimba asadikire kunyumba.

Luchenza ndi Blantyre sipatali. Sabata ino akwere minibasi apite ku Queens kwa madokotala a impso, atenge mapepala onse a ku India, zotsatira zakale za magazi ndi mapaketi a mankhwala amene akumwa. Chipsera chomwe chapangika sichifufutika, koma mbali ya impso imene idakali yamoyo ikhoza kutetezedwa akasintha mankhwala nthawi ikadalipo.