Za vinyo wa ku Joni: Cabernet ndi Shiraz si chimodzimodzi asisi

Asisi mwafunsa kuti geni ya vinyo wa ku Joni imayenda bwanji, komanso kuti pakati pa Cabernet Sauvignon ndi Shiraz muyambe ndi uti poti onse ndi ofiira ndipo pa shelefu mtengo wake umangofanana. Ndiyambe ndi funso lachiwirili chifukwa apa ndi pomwe ndalama zimalowera kapena kuthera, za boda mungaphunzire ulendo umodzi wokha koma kusadziwa chomwe chili mu botolo kungakusiyeni ndi makatoni pansi pa bedi chaka chonse.

Mayina awiriwa ndi mitundu ya mphesa, si makampani ayi. Nederburg, KWV, Robertson onsewa amapanga Cabernet komanso Shiraz. Cabernet kwawo ndi ku Bordeaux ku France, timphesa take ndi tating'ono ta khungu lokhuthala, ndiye vinyo wake amakhala ndi chikakasi. Mukudziwa mmene mkamwa mumaumira mukaluma nthochi yosapsa bwino kapena mukamwa tiyi wa Chombe yemwe wakhalitsa mu ketulo opanda mkaka? Ndi chomwecho basi, lilime limachita kukakamira kumwamba. Kafungo kake kali ngati ka jambula wakupsa, ndipo nthawi zina mumamvamo ka girinipepa wamuwisi makamaka ngati mphesa anathyola zisanapse kwambiri. Ndi vinyo wouma mutu, akangotsegulidwa salankhula, amafuna mumusiye kaye patebulo ngakhale theka la ola. Koma chikakasi chomwecho ndi chomwe chimapangitsa kuti asungike zaka, ndipo mukamwera nyama ya ng'ombe ya mafuta chimafeweratu mpaka mudabwa kuti ndi yemwe uja. Ku South Africa Cabernet wotchuka amachokera ku Stellenbosch.

Shiraz ndi wina. Kwawo ndi ku chigwa cha Rhône ku France komweko ndipo kumeneko amamutcha Syrah, ndiye mukaona botolo lalembedwa Syrah musaganize kuti akuberani, mphesa yake ndi yomweyo, kungoti opanga akalemba Syrah nthawi zambiri amakhala akunena kuti ndi wopepukirako pang'ono. Uyu mkamwa amalowa mofewa, amadzaza, amakoma ngati mabulosi akuda opsa kwambiri, kenako kumapeto kumabwera katsabola wakuda uja timagaya pa nyama, ena amamvamo kautsi. Katsabolako si koti anathiramo, kali mu khungu la mphesa momwemo, ndipo pali anthu ena mphuno zawo sizikamva nkomwe ndiye kasitomala akati ine sindikumva tsabola musamutsutse. Pa kanyenya wa mbuzi kapena soseji yootcha Shiraz ndi mwini malo. Wa ku Swartland, dera lotentha louma kumpoto kwa Cape Town, ndi yemwe ine ndimamukonda. Mphamvu ya mowa onse awiri ndi chimodzimodzi, nthawi zambiri 13.5 mpaka 14.5 peresenti, musapusitsidwe ndi kufewako.

Tsono chomwe ndaona ine ndi ichi. Anthu ambiri kwathu kuno anazolowera vinyo wotsekemera, wa Four Cousins ndi anzake aja, ndiye munthu wotere mukamupatsa Cabernet tsiku loyamba amakwinya nkhope nkunena kuti mwamugulitsa wowonongeka. Ndinaona ndi maso anga pa chinkhoswe china mayi wina akuthira Fanta mu Cabernet yemwe ndinamunyamula mosamala kuchokera ku Joni, mtima unandiwawa koma kulakwa kunali kwanga, sindinawafunse kuti amamwa zotani. Kuyambira pamenepo ndimafunsa kaye. Amene akuchoka ku zotsekemera ndimawapatsa Shiraz ngakhale nayenso alibe shuga, amangomveka ngati chipatso. Cabernet ndimasungira malo odyera ndi ma loji, ndi anthu oti akamaitanitsa amatchula okha dzina. Inu poyamba tengani Shiraz wambiri Cabernet pang'ono, ine pa makatoni atatu awiri amakhala a Shiraz.

Kupikula ndimapikula m'mashopu akuluakulu a mowa monga Makro, katoni imakhala ya mabotolo 6 a 750ml, ndipo ndimadikira nthawi ya sipesho. Muziyang'ana kachidindo kapepala pakhosi pa botolo, kameneko ndi kosonyeza kuti zomwe zalembedwa pa lebulo zinatsimikizidwa, lamulo la kumeneko limati akalemba dzina la mphesa ndiye kuti mphesa imeneyo ikhale yosachepera 85 peresenti. Malisiti onse sungani, musataye ngakhale limodzi.

Msewu mukuudziwa, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue kenako Mwanza, ena amadzera pa Dedza. Pa boda a MRA amafuna msonkho wake ndipo mowa suli ngati zovala, uli ndi msonkho wina wotchedwa ekisaizi pamwamba pa VAT, ndiye musanagule funsani ejenti wothandiza kuwombola katundu pa boda akuwerengereni kuti katoni imodzi ifika pa zingati. Muphatikize randi momwe mwaigulira, thiransipoti, msonkho ndi botolo limodzi kapena awiri omwe angasweke, mtengo wanu uchokere pamenepo osati pa mtengo wa pa shelefu ya ku Joni. Zobisa mabotolo pakati pa mabulangete ine sindipanga ndipo sindikulangizani, akapeza katundu yense amagwidwa. Laisensi yogulitsira mowa mukatenge ku khonsolo musanayambe, ndipo ana osakwana zaka 18 ayi ndithu ngakhale atati atumidwa ndi bambo awo.

Mdani wamkulu ndi dzuwa la ku Tete. Ulendo wina mu Okutobala thiransipota anaika makatoni anga pamwamba penipeni pansi pa tenti, loli nkukhala pa mzere masiku awiri, katundu atafika zitsekero zinali zitatukumuka, vinyo atadontha mpaka katoni kufiira, ndikulawa anali ngati jamu wopsereza. Panopa ndimaima pomwepo akamapakira, makatoni pansi pakati pa katundu wina, ndipo vinyo wodula ndimabweretsa Juni kapena Julayi kukuzizira. Akafika muike chipinda chamdima chozizirirako, wa chitsekero cha koko, kamtengo kofewa kolowa kukamwa kwa botolo kaja, mugoneke chammbali, wopotokola angaime palibe vuto. Makasitomala muziwauza kuti kukatentha aike botolo mu filiji mphindi 20 asanatsegule, chifukwa vinyo wofiira wofunda amangomveka ukali wa mowa basi.

Musanapite gulani botolo limodzi la Shiraz ndi limodzi la Cabernet a kampani imodzi, muotche kanyama, mulawe uyu kenako uyu. Mukatero mundiuze kuti chikakasi mwachimva pa uti, tipitirize pamenepo za mitengo.